Masiku Atatu Azakhali Osayankhula

Anatiitana tili pafupi kufika padooko. Linali Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Okutobala, dzuwa litangopendeka, ndipo mwadiya, bwato lotiwolotsa, tinkauona ukubwera. Asilikali awiri anadzuka pansi pa mtengo wa bwemba. Wamng'onoyo anatikodola ndi mfuti.

"Inu awiri, bwerani kuno. Mukuchokera kuti?"

Azakhali anaima. Sanayankhe.

Ndikulemba izi m'kope latsopano chifukwa lakale linatsala komweko. Sinditchula dzina la munthu aliyense, ngakhale la amene anatichitira zabwino.

Kwathu ndi kwa Mlolo. Bambo anga anabadwira tsidya lina la Ruo, ku Mozambiki, ndipo anawoloka ali mwana nthawi ya nkhondo. Manda a makolo athu anatsala kumeneko. Chaka chimenecho, ine ndili Folomu 3, bambo anagona miyezi iwiri miyendo itatupa. Mankhwala akuchipatala ankamwa. Kwaya yathu inabwera kudzawaimbira. Koma azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene amagulitsa mlamba wowamba pamsika, anati chatsala chimodzi: kukathira nsembe ya ufa pamanda a agogo. Kumtundu kwathu wothira nsembe yotere ndi mlongo, ndipo pali lamulo lake. Ukathira, sucheuka, suyankhula ndi munthu, mpaka utawoloka madzi. Ukatsegula pakamwa usanawoloke, nsembe yagwa, ndipo wodwala uja wamusiya yekha.

Lamuloli silinandikhudze chifukwa ine kumandako sindinalowe. Ndinapita kukawanyamulira dengu, komanso ndinali ndi changa. Pafupi ndi mandawo pali khoma lakale lamiyala limene anthu amati linali linga la Apwitikizi. Teremu imeneyo tinkaphunzira mmene Apwitikizi analowera mu Zambezi ndi ansembe awo, ndi mmene ku Ulaya Akatolika ndi otsutsana nawo anaphana chifukwa cha kapempheredwe. Pamene azakhali anali kumanda, ine ndinakhala pamwala n'kujambula khomalo m'kope langa la Hisitole.

Chiphaso sitinachiganize n'komwe. Anthu akwathu amawoloka Ruo tsiku ndi tsiku, kukalima, kukagula chimanga, kukalira maliro. Sitinadziwe kuti masiku amenewo kunamveka mphekesera za anthu amfuti, ndipo padooko anaikapo asilikali atsopano.

"Mayiwa akuchokera kumanda," ndinatero. "Sangayankhule mpaka awoloke."

"Ndi wosalankhula?"

"Ayi. Amayankhula kwambiri."

Wamkuluyo, bambo waimvi wolankhula Chisena ngati chakwathu, anayang'ana ufa umene unali m'zala za azakhali, kenaka anayang'ana kumbali. Wamng'onoyo anatsegula dengu n'kupeza kope. Ataona zojambula zinali m'menemo, anati sitiwoloka.

Anatitsekera m'chipinda cha sitolo yakale, chokhala ndi zenera limodzi lopanda galasi. Munali matumba opanda kanthu ndi fungo la feteleza. Anatipatsa madzi m'chitini. Azakhali anayala chitenje chawo chapamwamba, anandilozera kuti ndikhalepo, iwo anakhala pasimenti.

Lachitatu m'mawa anatitengera kwa mkulu wawo, amene onse ankamutcha shefe. Anali munthu waukhondo, wovala kolona m'khosi ngati yanga. Kope langa linali lotsegula patebulo pake. Waimvi uja ndiye ankamasulira pamene Chisena cha shefe chaperewera.

"Mapu awa wajambula ndani?"

"Ine, shefe."

Anaika chala pa mivi imene ndinalemba kuchoka kunyanja yamchere, kudzera ku Sena, mpaka ku Tete. Anawerenga pang'onopang'ono mawu anga a m'mphepete: asilikali, mfuti, linga.

"Asilikali amenewa ali kuti tsopano?"

"Anamwalira, shefe."

"Liti?"

"Papita zaka mazana anayi kapena kuposa."

Waimvi uja anatsokomola. Shefe sanaseke. Anandiuza kuti ndifotokoze tsamba lililonse, ndipo ndinafotokoza nditaimirira, manja kumbuyo, ngati m'kalasi. Ndinanena za amalonda amene anabwera kudzafuna golide ndi minyanga, n'kutenga malo, n'kusandutsa akapolo awo kukhala asilikali. Ndinanena za ansembe amene ankabatiza mafumu poyamba, poganiza kuti mfumu ikabatizidwa anthu ake onse atha. Ndinanenanso kuti ku Ulaya komweko, atatopa ndi kuphana, mafumu anagwirizana kuti chipembedzo cha mfumu ndicho chikhale cha anthu ake, ndipo wosafuna asamuke.

"Nzeru imeneyo," anatero shefe. "Bwenzi zinthu ngati izi kulibe." Anatseka kope. "Iwe ndakumva. Ndiwe mwana wasukulu. Koma mwana wasukulu amatumidwa. Mayi uyu anene yekha dzina lake, mudzi wake, amene anakumana nawo kutchire kuja. Akanena, muwoloka lero lomwe."

Anatembenukira kwa azakhali n'kuwalamula m'Chisena kuti ayankhule. "Longani, mai."

Azakhali anayang'ana pansi. Anawomba m'manja kawiri, mwaulemu, monga tichitira kwa akulu. Pakamwa panali potseka.

Anawatulutsa panja n'kuwagwaditsa pamiyala ya pabwalo, manja m'mwamba. Amene anakhalako kuchigwa mu Okutobala akulidziwa dzuwa lake. Ine anandibwezera m'chipinda, ndipo ndinkawaona pazenera. Anagwada kuyambira cha m'ma naini mpaka mthunzi wa sitolo unawafika. Manja akatsika, wamng'ono uja ankawakweza ndi ndodo. Nthawi zina ndodoyo sinkangokweza.

Atawabweza, mawondo awo sanali bwino. Ndinang'amba mpango wanga, ndinaunyowetsa m'chitini, ndinawamanga. Kenaka ndinachita chinthu chimene sindinachilembepo kwina kulikonse. Ndinawakalipira.

"Azakhali, tangonenani dzina lokha. Dzina lokha basi. Agogo anamwalira kalekale, sakumva kanthu. Bambo akuchira ndi mankhwala, osati ufa. Mufera chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo sanali okwiya. Anatenga chitini, anandimwetsa ine poyamba, kenaka anamwa otsalawo.

Lachinayi anawagwaditsanso. Tsiku limenelo sindinapemphe kanthu. Ndinaima pazenera ndi kolona yanga, ndipo ndinadzipeza ndikupempherera chinthu chimene dzulo lake ndinkachikana: kuti asayankhule. Sindinasinthe chikhulupiriro. Ndinangoona kuti pamene afika, atayankhula, mawondo aja akanakhala atapita pachabe, ndipo bambo akanati amwalire, azakhali sakanadzikhululukira mpaka imfa yawo.

Masana, waimvi uja anabwera ndi mbatata ziwiri zootcha. Anaziika pawindo osandiyang'ana.

"Mandawo ndi a pamtengo wa msangu paja, kuseri kwa khoma?"

"Inde."

"Ndi a mtundu wanji?"

Ndinamuuza mfunda wathu. Anagwedeza mutu n'kuchoka. Patapita kanthawi ndinamumva akuyankhula ndi shefe pakhonde, chifukwa khomalo linali lopyapyala.

"Shefe, mayi uyu sayankhula. Ndawaonapo otere. Agwa pamenepa."

"Iwenso umakhulupirira za ufa?"

"Ine ndine wobatizidwa, shefe. Koma tamvani. Iwowa kwawo ndi tsidya lija. Manda awo ali tsidya lino. Akafera m'manja mwathu nsembe isanafike, eni mandawo sawoloka kukafunsa ku Malawi. Afunsa amene ali pafupi. Inu mudzasamutsidwa, mudzapita kwanu. Ine ndimalima kuseri kwa khoma lomwelo."

Kenaka shefe anati, "Mulowetseni pamthunzi."

Lachisanu m'mawa anatiitananso. Shefe anandifunsa ine, osati azakhali.

"Ukuti akawoloka ayankhula?"

"Inde, shefe."

"Koma akawoloka ali m'dziko lanu. Sindingamufunse kanthu."

"Ndi choncho, shefe."

Kwa nthawi yoyamba anamwetulira pang'ono. "Ansembe ako a m'kopemu analephera zaka mazana anayi. Ine ndapatsidwa masiku atatu." Anaika kope langa m'dirowa. "Ili litsala. Tiyeni kudooko. Ndikufuna ndione ngati ali ndi lilime."

Azakhali anayenda atandikolowekera dzanja paphewa. Anatikweza mumwadiya, ndipo asilikali atatuwo anaima pamchenga. Ruo inali itaphwa, sinali yotakata. Azakhali sanacheuke ngakhale kamodzi. Mwadiya utagunda gombe la kwathu, anatsika, anasamba m'manja ndi kumaso, anachukucha m'kamwa. Atatero anatembenuka, anaimirira mowongoka pa mawondo omangidwa aja, n'kuyankha mafunso onse a masiku atatu, limodzi ndi limodzi, monga anafunsidwira. Anatchula dzina lawo, dzina la bambo awo, mudzi wawo ndi mfumu yake. Mawu awo anawoloka mtsinje bwinobwino.

"Amene ndinakumana nawo kutchire kuja ndi bambo anga ndi amayi anga, shefe. Ali pansi pa msangu. Mukafuna mukawafunse nokha, sathawa. Palinso china?"

Shefe anamvetsera mpaka kumapeto. Anakweza dzanja pang'ono, anatembenuka, anakwera mtunda. Waimvi uja anatsala, anawomba m'manja kawiri, kenaka anatsatira.

Tinafika kunyumba masana. Amayi anali atakanena kale kwa amfumu ndi kupolisi za kusowa kwathu, ndipo atationa anangokhala pansi pakhomo. Bambo anali moyo. Azakhali analowa, anagwada movutika pafupi ndi mphasa yawo, nati, "Achimwene, ndapereka. Yafika." Bambo anayang'ana nsanza za m'mawondo mwawo.

Miyendo ya bambo inayamba kuphwa mvula yoyamba itagwa. Anali atasinthidwanso mankhwala kuchipatala sabata yomweyo. Amene amandifunsa kuti chinawachiritsa n'chiti ndimawauza kuti sindikudziwa, ndipo sindinama. Azakhali mpaka lero sagwada m'tchalitchi, amakhala pabenchi, ndipo wansembe wathu sanawafunsepo chifukwa chake.

Notsi za Hisitole ndinakopera kwa mnzanga. Ndikamawerenga tsopano za anthu amene anaponyedwa m'ndende ku Ulaya chifukwa chokana kupemphera monga mfumu, kapena za akwathu amene anabatizidwa mfuti ili pambali, sindiona chiwerengero chokaloweza pamayeso. Ndimafunsa kuti amene anali pazenera anali ndani, ndipo ankapempherera chiyani. Kale ndinkaganiza kuti ufulu ndi kuloledwa kunena zimene uli nazo mumtima. Aphunzitsi anatiuza choncho, ndipo n'zoona. Koma pali mbali ina imene sitinalembe m'kope. Munthu womangidwa amauzidwa nthawi yotsegula pakamwa. Azakhali anga, masiku atatu onse aja, nthawi imeneyo anaisunga okha.