A Mfuko ndi Dothi Lofufuma

Dzina loti Mfuko anawapatsa ndi anzawo a ku kampani yokonza misewu, chifukwa munthuyu akakwera katapila, chimakina chokumbira, m'mawa, pofika masana umangoona chisoti chokha chikusuzumira m'dzenje. Dzinalo sankadana nalo, ankaliyankha mano onse ali pamtunda. Ena amakonda mpira, ena mowa, koma a Mfuko ankakonda kukumba, ndipo ankakukonda mochititsa manyazi. Ngakhale pakudya, dzanja lawo linkayendetsa supuni ngati likutapa dothi, mpaka akazi awo ankawadzudzula kuti, "Abambo, m'mbalemo mulibe mwala, idyani ngati anthu."

Kampani ija itamaliza ntchito n'kuyamba kugulitsa zitsulo zake zakale, mtima wa a Mfuko sunakhalenso m'malo. Panali katapila wina wachikasu, wokalamba, wotsokomola utsi wakuda akamadzuka, amene iwo anamuyendetsa zaka zambiri. Ndalama zawo zopumira pa ntchito sizinkakwana, ndiye anapita kwa mlamu wawo, mwamuna wa achemwali awo, amene anayendetsa basi mpaka kumera imvi ndipo anali atangolandira zake. Mlamuyo anali wouma manja, mtundu uja wofunsa kawiri mtengo wa machesi. Koma a Mfuko analankhula, analankhula, manja akukumba m'malere, mpaka mlamu anagonja. Anasonkherana n'kugula katapilayo pamodzi ndi tipa imodzi yoyera, ija galimoto yokhuthula yokha katundu kumbuyo. Zambiri anaika ndi mlamu. Anapangana kuti a Mfuko azikumba, mlamu aziyendetsa tipa.

Tsiku limene katapila anafika pakhomo atamubereka pa chigalimoto chachitali, msewu wonse unatuluka. Wometa anasiya munthu atamumeta mbali imodzi. A Mfuko anamutsitsa okha pang'onopang'ono, kenako anakweza mkono wake m'mwamba n'kuuweramitsa ngati akupereka moni, anthu n'kuwomba m'manja. Madzulo onse anathera kupaka girizi m'mfundo zake, akuimba, ovolosi ili bii. Chimwemwe chake chinali chosabisika.

Ntchito zinayamba kubwera: maenje a zimbudzi, maziko a nyumba, kuzula zitsa, kutuma tipa kukatenga mchenga kapena kwale. Pa kukumba panalibe wowaposa. Khoma la dzenje lawo linkatuluka lowongoka ngati alidula ndi mpeni. Vuto linali pakamwa, potchula mtengo. Ku kampani kuja dizilo ankabwera yekha pa thanki, matayala ankatuluka m'sitolo, makanika ankangoitanidwa. A Mfuko anali asanagulepo ngakhale kabotolo ka oyilo ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ndiye mtengo ankautchula ndi mtima, ndipo munthu akangopendeketsa khosi n'kunena kuti, "Tsitsaniko, bambo," iwo ankatsitsa msangamsanga poopa kuti dzenje liwathawa. Ankabwerera kunyumba atatopa, ali osangalala, m'thumba muli mbee.

Kenako kunabwera ntchito yaikulu. Mwini sitolo ya zitsulo ankafuna kumanga nyumba yosungiramo katundu yokhala ndi chipinda chapansi, ndipo ankafuna dzenje loti basi yonse n'kubisalamo. Dothi lonse linayenera kuchoka pamalopo, kukatayidwa ku chigwembe chakale kunja kwa tauni. Anafuna mtengo umodzi wa ntchito yonse. A Mfuko anatambasula tepi, anayeza m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, n'kuwerengera kuti m'dzenje lotero mungalowe matipa angati. Atatchula mtengo, mwini sitoloyo sanapendeketse khosi n'komwe. Anangotambasula dzanja nthawi yomweyo. Munthu wochenjera akanadabwa pamenepo, koma a Mfuko anathamangira kwa mlamu akufuula ali patali, "Alamu, talemera! Sanatsitse olo pang'ono!"

Masiku oyamba anali okoma. Katapila ankabangula, dothi lofiira linkatuluka lonyowa bwino, tipa inkanyamuka yodzaza mpaka pamwamba. Koma dothi lili ndi khalidwe lake. Likakhala pansi limakhala lotsendereka, ukangolikumba limafufuma ngati buledi. Limene unayeza kuti likwana matipa atatu limadzaza anayi, mwina n'kutsalako. A Mfuko anali ataziona zimenezi moyo wawo wonse ali pampando wa katapila, koma anali asanazilipirepo. Matiripi amene anawerengera anatha, koma mbali yonse ya kumbuyo kwa dzenje inali chikhalire. Anali ataiwalanso kuika pa mtengo chigalimoto chobereka katapila chija, chimene sichiyenda ndi madzi. Pakati pa sabata paipi ya oyilo inaphulika, ndipo tayala limodzi la tipa linatsanzika pa msewu wa miyala wa ku chigwembe.

Anapita kwa mwini sitolo, chisoti chili m'manja, kukapempha kuti awonjezereko. Iye anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo, tinagwirana chanza. Ine ndinagula dzenje, za matiripi sindikuzidziwa." Sanalakwe ayi, ndipo chimene chinawawawa kwambiri a Mfuko n'chomwecho.

M'mawa wina mlamu anaimika tipa m'mbali mwa dzenje, anatsika, n'kukodola a Mfuko kuti azimitse injini.

"Alamu, tsikani ndikuphunzitseni sukulu imene simunapite," anatero. "Tipa iyi ikapita ku chigwembe imamwa dizilo. Ikamabwerera ilibe kanthu, imamwanso. Matayala awa akutha ngati sopo. Oyilo amafuna kusintha, mabuleki amafuna kusintha, msonkho wa pamsewu ukudikira, inshuwalansi ikudikira. Katapila wanuyu akangolira, ngakhale asanakande pansi, ndalama yapsa kale. Nanga ine ndi inu, ndife a ulere? Zonsezi zimayenera kukhala m'kati mwa mtengo. Inu mumangoikamo chimwemwe chanu basi!"

"Alamu, tikamaliza ino, yotsatirayo ndidzawerengera bwino."

"Kulibe yotsatira. Ndalama za ukalamba wanga mwazikwirira m'dzenje la munthu wina. Achemwali anu sakundiyankhulanso bwino kunyumba. Ndapeza munthu wogula katapila, ndikukamutenga, tibwera masana ano adzamuone."

Anaponya makiyi a tipa pa dothi n'kuyamba ulendo wapansi. Wosonkha zambiri anali mlamu, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona. A Mfuko anayang'ana katapila wawo. Popanda chitsulo chimenechi akanakhalanso ndani? Nkhalamba yokhala pakhonde, yofotokozera ana za maenje amene inakumba kale.

Koma ntchito ya mwini inali isanathe. Anadzaza tipa okha, anatsika, anatola makiyi aja n'kuiyendetsa okha. Sanapite patali. Atangodutsa malo omwetsera mafuta, pamene msewu umatsetserekera ku mapuloti atsopano a m'dambo, injini inatentha, nthunzi n'kuyamba kutuluka kutsogolo. Anaima pambali n'kutsika ndi chigubu kukapempha madzi.

Madzi kumeneko sanali osowa. Mvula inali italeka kale, koma mapuloti onse anali chithaphwi chokhachokha. Pakati pa puloti ina panaima mayi wina wovala magambuti, manja ali m'chiuno, akukalipira mmisiri wake chifukwa maziko amene anakumba dzulo lake anali atasanduka dziwe la achule. Mayiyo anawalozera mgolo wa madzi osawayang'ana n'komwe. Kenako maso ake anagwera pa tipa ija, ndipo anasiya mmisiri ali kukamwa yasa. Anayenda mpaka pamsewu, anatola chibuma chimene chinagwa pansi n'kuchifinya m'manja.

"Bambo, dothi lofiira chonchi mukupita nalo kwa ndani?"

"Kwa ndani? Ndikukataya, mayi, ku chigwembe."

"Kukataya! Ine ndakhala ndikusakasaka dothi lokwezera puloti ino, inu mukukataya? Mukugulitsa bwanji tiripi imodzi?"

A Mfuko anaima chilili, madzi akutayikira pa nsapato. Dothi limene linkawadyera dizilo, limene linkawalanda katapila, munthu ankalifunsa mtengo! Mawu oti "Tengani, mayi, n'laulere" anafika kale pamilomo, chifukwa kungokhuthula pafupi pompano kunali kupulumuka kale. Anawameza. Anawameza movutika, ngati piritsi lopanda madzi. Anazungulira tipa yawo pang'onopang'ono, akugwira chilichonse ndi dzanja: thanki ya dizilo, tayala latsopano lija, bokosi la batire. M'mutu ankaika chimodzi pamwamba pa chinzake, ulendo wobwera, ulendo wobwerera, nthawi ya katapila podzaza, tsiku lawo, tsiku la mlamu, ndi kena kapamwamba kodikira paipi ina imene idzaphulike. Atabwerera pamene anayambira, anatchula mtengo.

Mayi uja anaseka n'kuwomba m'manja. "Aa, bambo, dothi lokataya lomweli? Tsitsaniko. Ndikufuna matiripi ambiritu ine."

Khosi anapendeketsa bwino lomwe. A Mfuko akakana, mayiyu akhoza kutembenuka, iwo n'kupitanso ku chigwembe. Anathira madzi aja mu injini n'kugwira chitseko cha tipa.

"Mayi, dothi n'laulere, zoona. Koma silibwera lokha wapansi. Mukulipira miyendo yake. Mtengo ndi womwewo."

Anakwera, anatseka chitseko, analiza injini. Sanayang'ane m'mbali. Tipa itangosuntha pang'ono, anamva kumenya pa chitseko.

"Imani, bambo inu! Mtima bwanji? Khuthulani pakona apo!"

Ha, kukoma kwake kukweza tipa tsiku limenelo! Dothi linatsika ndi mkokomo, madzi a m'chithaphwi n'kuthawira m'mbali. Mkokomowo unaitana anthu. Mwini puloti yoyandikana anabwera akuthamanga, buluku atapinda mpaka m'mawondo, kudzafunsa ngati lilipo lina. Kunabweranso mkulu wina amene galimoto yake inkagona kumsewu chifukwa njira ya kunyumba kwake inali matope okhaokha. A Mfuko ankangobwereza mtengo womwe uja, ndipo ulendo uliwonse unkatuluka mosavuta kuposa poyamba. Mayi wa magambuti, poopa kulandidwa, analipiriratu matiripi a tsiku limenelo n'kuwaopseza kuti akayerekeza kuyamba kwa ena aona zakuda.

Ulendo wobwerera anauyenda akuimba, hutala ikulira popanda chifukwa. Kuchokera ku dambo kufika ku dzenje kunali pafupi, moti pa nthawi ya tiripi imodzi ya ku chigwembe akanatha kupanga zitatu. Ankawerengera mokweza, akumenya chiwongolero. Mbali yonse yotsala ija, imene m'mawa inali tsoka, tsopano ankaiona yochepa.

Atafika anapeza mlamu wabwera kale ndi wogula uja, bambo wa mimba yake, wa nsapato zonyezimira. Anali atakwera pa mulu wa dothi kuti amuone bwino katapila, akugwedeza mutu monyoza monga amachitira onse ofuna kugula motchipa. Mlamu ataona tipa ili yopanda kanthu, matayala ali matope okhaokha, nkhope inasintha.

"Alamu, ku chigwembe simunafike inu. Mwakhuthula m'mbali mwa msewu eti? Mukufuna atigwire, atilipitse?"

A Mfuko analumpha pansi ngati mnyamata. Mawu ankaphangirana kutuluka: dambo, magambuti, achule, mapuloti, anthu atatu, mwina mawa asanu. Mlamu sankamva kanthu, mpaka a Mfuko anatulutsa ndalama zija n'kumufumbatitsa.

"Izi n'zachani?"

"N'za dothi, alamu. Dothi lomweli! Akulilimbirana!"

Mlamu anayang'ana m'manja mwake, anayang'ana dzenje, anayang'ana mbali yosakumbidwa ija. Anafunsa mtengo wa tiripi, ndipo atamva, milomo inayenda mwakachetechete, akuchotsera dizilo ndi matayala. Anafunsa kutalika kwa ulendo. Milomo inayendanso.

"Ndiye iwo anati chiyani mutatchula?"

"Anati nditsitse."

"Inu n'kutsitsa zingati?"

"Sindinatsitse, alamu. Ndinakwera n'kuliza injini."

Mlamu anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, ngati akuona munthu wachilendo atavala ovolosi ya mlamu wake. Kenako munthu wouma uja anaseka. Anaseka mpaka kugwira tayala la tipa, misozi ikutsika, ndipo a Mfuko, amene anali asanamuonepo akuseka chotero chikwatirire achemwali awo, anayamba kuseka nawo.

Wogula uja anatsokomola pamwamba pa mulu paja. "Akuluakulu, nthawi yanga ikutha. Chitsulo chakalambachi mukuti bwanji? Nditchule zanga?"

A Mfuko kuseka kunawathera pomwepo. Woyankha sanali iwo. Anatembenukira kwa mlamu.

Mlamu anapukuta maso ndi mkono wa malaya, anatambasula dzanja kwa a Mfuko kuti amupatse makiyi a tipa, n'kutembenukira kwa mlendoyo.

"Pepani bwana, takuyendetsani pachabe. Katapilayu ali pa ntchito, sakugulitsidwa. Komanso tatsikani pamenepo, mwaponda katundu wa makasitomala athu."

Bamboyo asanafike n'komwe pansi, a Mfuko anali atakwera kale, ndipo katapila anatsokomola utsi wake wakuda n'kutambasula mkono.