Ubweya wa Galu pa Bala

Ine Esinati ndikukumbukira chaka chimene zipani zambiri zinkayamba, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Chia, ndipo bambo anga anali msodzi. Tinali ndi galu, dzina lake Tilipo, amene ankalondera nsomba zathu pathandala.

A zaziweto atabwera kudzabaya agalu katemera, bambo anakana. "Galu wobayidwa amafooka, sauwanso. Komanso zokakamizana zinatha," anatero. Bambo anga akanena, ananena basi.

Patapita miyezi, Tilipo anasintha. Anasiya kudya, dovu lili chuchuchu, n'kumaluma ngakhale mitengo ya thandala. Tsiku lina m'mawa ndikutembenuza nsomba, anandiluma pakatumba. Bambo pothamangira kudzamugwira, dzino linawakanda pachala.

Kwathu mankhwala ake ankadziwika ndi aliyense: kumeta ubweya wa galu wakulumayo, kuuwotcha, n'kupaka phulusa lake pabala. Galuyo ataphedwa, bambo anachita zomwezo. Fungo la ubweya wopserera lija sindiliiwala. Anapaka pachala chawo, koma akubwera kwa ine, mayi anawatchingira.

"Bambo a Esinati, pamwanayu ayi. Kusikelo anatiuza kuti ndi sopo ndi madzi, kenako kuchipatala."

Mayi anatsuka balalo osaleka, ine ndikulira, mpaka sopo anatsala kachidutswa. Bambo anang'ung'udza, komabe anandinyamula mpaka kumsewu, tinakwera matola wa kuboma.

Namwino atandibaya, anayang'ana dzanja la bambo. "Nanga inu bambo, chalacho?"

"Aa, kameneka? Mbedza imandibaya kuposa apa. Thandizani mwanayu."

Ndinabwererako kangapo kukamaliza jakisoni, ndipo ulendo uliwonse ankandiperekeza ndi bambo. Ankandidikira panja pansi pa mtengo, ndikatuluka n'kundigulira chitumbuwa, akundiseka kuti ndine wamantha.

Ine ndinachira. Patadutsa miyezi iwiri, bambo anayamba kudandaula kuti chala chija chikuyabwa, mutu ukuwawa. Kenako anayamba kuopa madzi. Munthu amene anakulira m'bwato ankanjenjemera mayi akamupatsa kapu ya madzi. Titapita nawo kuchipatala anatiuza kuti ndi chiwewe, ndipo tachedwa. Sanathe sabata, anamwalira.

Ndinawakwiyira kwa zaka zambiri, sindibisa. Lero ndikumvetsa kuti sankachita dala. Ankakhulupirira zimene anazipeza, ndipo ankayesa kuti matenda amalowera pabala lalikulu lokha. Koma chiwewe chimalowa ndi malovu a galu ngakhale pokandika chabe, ndipo chikaonekera sichichizikanso. Agalu anga ndimawabayitsa chaka chilichonse, ndipo mwana wa mnansi akalumidwa ndimayamba ndine kutunga madzi. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'choti maulendo onse aja bambo ankafika pakhomo penipeni pa chipatala, n'kukhala panja.