Nambala ya pa injini

Bambo a Tadala, lero lole yanu yandikhalitsa padzuwa pa Nsipe, matumba a mbatatesi ali pamwamba. Makaniko wabwera ndi pampu ya dizilo, yakana kulowa. Wabwera ndi ina, chimodzimodzi. Akuti, "Mayi, galimoto iyi yakalamba, ingogulitsani kwa ogula zitsulo." Chimwalirireni inu, chilichonse chikufuna ine: munda ine, ana ine, dalaivala ine, pano ndiye injini.

Kenako ndakumbukira Lamulungu lija kwathu ku Kandeu, mutatsegula boneti pansi pa mtengo wa mapeyala. Munandiitana nditavala kale zakutchalitchi, ine n'kumabwera ndikunyinyirika. Munagwira chala changa n'kuchilowetsa m'mbali mwa injini, kuseri kwa fyuluta ya oyilo, mpaka ndinamva tizilembo tokhomedwa pachitsulo. Munati, "Mayi a Tadala, injini iyi sinabadwire muno, ndinaichotsa m'lole ina. Dzina lili pachitsekoli lisamakunamizeni. Pogula sipeya muzitchula nambala iyi." Ine ndinati, "Nanga inuyo mukupita kuti?" Munangoseka. Lero ndapisa dzanja pomwe paja, ndapala oyilo ndi chikhadabo, nambala ija ilipobe. Nditamuwerengera nambalayo, makaniko wapitanso kukafuna pampu yake yeniyeni, ine ndangokhala pamthunzi wa lole kudikira. Ndatopa, bambo, ndatopa zedi. Mayi wina wogulitsa tomato wandibweretsera madzi ndi sopo. Ndathokoza, koma chala chimene munagwira chija sindinachitsuke.