Onga wa Mfuti Khumi ndi Zinayi

Allal sanakwerepo kavalo chibadwire, koma m'dera lonse la Doukkala munalibe wokwera amene sankamudziwa. Kwa zaka makumi atatu ndiye ankayeza onga m'bungwe la okwera akavalo la m'mudzi mwawo. Muyeso wake unali kabango kodula, ndipo mfuti zonse khumi ndi zisanu ankazidzaza mofanana ndendende. Pampikisano amuna amathamangitsa akavalo pamzere umodzi n'kuombera m'mwamba, ndipo amapambana ndi amene mfuti zawo zalira ngati imodzi. Mkuluyu anali wamakani, wa zala zakuda bii, wosamwa tiyi wa munthu amene sakumukhulupirira.

Mutu unkawawa ndi wapampando, Haji Bouchaib, yemwenso anali mmodzi wa okwerawo. Anakhala pampando zaka zisanu ndi zinayi osaitanitsa chisankho, usungichuma n'kudzipatsanso yekha. Chaka chilichonse anthu ankasonkha ndalama zogulira zitini khumi za onga, koma onga unkatha msanga. Atamupanikiza pamsonkhano, Haji sanaphethire n'komwe.

"Funsani Allal. Kaya amagulitsa kwa oomba mfuti kumaukwati, ine ndidziwa bwanji?"

Mawuwo anafika mpaka kumsika, ndipo bungwe linagwirizana kuti mpikisano ukangotha Allal achotsedwe. Zinamuwawa zedi. Ntchito sanaidandaule, koma kutchedwa wakuba imvi zili mbuu.

Tsiku la mpikisano linafika. Fumbi koboo, ng'oma, nthungululu za amayi, akavalo atavekedwa zonyezimira. Haji anatsitsa zitini zisanu ndi chimodzi, n'kunena kuti zinayi anapereka kale dzulo. M'malo moyezera m'hema monga mwa masiku onse, Allal anayala mkeka poyera n'kumawerenga mokweza muyeso uliwonse, okwera akumva.

Gulu lawo linaomba bwino tsikulo mpaka kufika ndime yomaliza. Apo Allal anagwedeza chitini chotsiriza, n'kuchizondotsa.

"Abale anga, watsala wa mfuti khumi ndi zinayi basi. Mmodzi alowa ndi mfuti yopanda kanthu."

"Ndani ameneyo?" anafunsa Miloud, mtsogoleri wa okwerawo.

"A Haji. Si ndiwo amagula onga?"

"Iwe nkhalamba, wapenga?" anakalipa Haji. "Pungula pang'onopang'ono kwa enawo!"

"Zilire mosiyana, tiluze? Ayi, bwana. Ine ndine wakuba, koma muyeso sindiba."

Okwera anaphulika nako kuseka. Oweruza amawerenga utsi wa mfuti iliyonse, ndipo amene yake yakana kulira amatsika, n'kubwerera wapansi akukoka kavalo, khamu lonse likumukuwiza. Zimenezo zimugwere Haji, munthu wopita ku Maka kawiri, apongozi ake ali chikhalire m'hema la alendo! Lipenga loitana gulu lawo linalira koyamba.

Haji anapisa m'thumba, n'kuponyera Allal makiyi a galimoto yake.

"Kumbuyo, pansi pa kapeti. Fulumira!"

Allal sanapite yekha, anatenga Miloud ndi ena atatu. Zitini zinayi zinali momwemo, chidindo cha bungwe chili poonekera, zikudikira ukwati wa mphwake wa Haji. Anazinyamula pamutu kudutsa pakati pa anthu. Allal anayeza, anadzaza mfuti yotsala ija, koma Haji atatambasula dzanja ali pakavalo, Allal anaikumbatira.

"Onga wabwera, a Haji. Nanga dzina langa?"

Lipenga linalira kachiwiri.

"Tikambirana madzulo, Allal, chonde."

"Munandinyoza pagulu. Madzulo kulibe gulu."

Haji anayang'ana okwera anzake, koma palibe anamuthandiza. Anakweza mawu mpaka a m'mahema anamva.

"Allal sanabepo onga! Ndinatenga ndine!"

Allal anapukuta mfutiyo ndi mkono wa mkanjo wake, n'kuipereka ndi manja awiri. Akavalo anaguguda, nthaka inanjenjemera, Miloud anakuwa, ndipo mfuti zonse zinalira kamodzi: phuu!

Bwalo lonse linadzuka. Allal anaponya nduwira yake m'mwamba n'kuyamba kuvina pamkeka paja, misozi ikutsikira m'ndevu, akufuulira aliyense wodutsa.

"Mwamva? Mwamva zimene anena a Haji?"