Mabedi Awiri a Mayi Lestina

Mayi Lestina Nampinga anagwira ntchito pa nazale ya tiyi zaka makumi awiri ndi zitatu, pa esiteti ina kufupi ndi Masambanjati. Sukulu analekezera Sitandade 2, koma mbande ankazidziwa ngati ana obala okha. Zikakula pansi pa shedi, ankaphwasula udzu wapamwamba pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa sabata, kuti zizolowere dzuwa.

Mu Okutobala 2002 kunabwera manijala watsopano, a Winston, digiri ikadali yonyowa inki. Analamula kuti udzu wonse uchoke tsiku lomwelo.

"Mayi, tsamba limadya kuwala," anatero a Winston. "M'kati mwake muli timapuloteni. Dzuwa likatimenya timapindika, n'kumapatsirana mphamvu ngati anthu opatsirana njerwa. Udzu wanuwu ukutimana chakudya."

"Zoona bwana," anayankha a Lestina, "koma opatsirana njerwawo mutawakhuthulira ngolo yonse kamodzi, awakha bwanji? Si athyoka manja?"

"Sayansi munaiphunzira kuti inu?"

Mayiwo anapsa mtima, koma mawu omaliza ndi a mwini ofesi. Udzu unagwetsedwa, n'kuotchedwa. Bwana atapita kukadya, a Lestina anatola umene unapulumuka moto n'kuvundikiranso mabedi awiri. Unangokwana pomwepo. Ankadziwa kuti akaonedwa ntchito yatha, ndi nyumba ya kampani ya kulaini yomwe.

Pasanathe masiku anayi mabedi makumi anayi anawauka, masamba gwaa ngati fodya wa m'chigafa. Awiri aja anali biriwiri.

Mukuganiza kuti anawathokoza? Ha! Chala sichiloza mwini. Kalata yowachotsa ntchito inati mbande zinafa chifukwa a Lestina sankathirira, komanso ndi munthu wosamvera, umboni wake udzu uli pa mabedi awiriwo. Atagwira zaka zonse zija, anawapatsa masiku atatu oti asamuke. Ine zimandiwawa mpaka lero, chifukwa amene ankawaona akuthirira m'mawa uliwonse anangoti zii, kuopa kutsatira.

Tsopano a Lestina amagulitsa nthochi pamsewu. Mbande za mabedi awiri aja zinadzalidwa kufupi ndi geti, ndipo alendo akabwera amauzidwa kuti ndi zipatso za njira yatsopano ya a Winston.

Mayiwo akamadutsa pamenepo ndi dengu pamutu amalavula pansi. Akatero amaima, n'kutembenuza tsamba limodzi kuti aone ngati lagwidwa nsabwe.