Ulemu wa m'ndege unanditupitsa mwendo

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. Patangopita masiku ochepa chibwerereni ku China, kumene ndinapita koyamba kukaoda katundu wa shopu yanga ya pa Kamwendo, nsapato ya kumanzere inakana kulowa. Unali mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, koma mwendowo unali wotentha ndi wolemera kuyambira m'munsi mwa bondo. Ndinati n'kutopa chabe. Alamu anga anauthowa ndi madzi otentha n'kumausisita, kwinaku akundiseka kuti ndege si ya aliyense. M'mawa mwake sindinathe kuponda pansi, ndipo bambo akunyumba ananditengera kuchipatala ku boma.

Ndinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala atayeza miyendo yonse iwiri ndi tepi, anafunsa ngati ndinayenda ulendo wautali. Ndinawauza kuti kuchoka ku Guangzhou kukafika ku Addis Ababa ndege imauluka maola oposa khumi osatera paliponse.

"Munadzukako kangati?" anafunsa.

Sindinadzukeko olo kamodzi. Mpando wanga unali wa kuwindo, ndipo pambali panga panali bambo ena a imvi, ali m'tulo miyendo atatambasula. Ine ndinakulira ku Mkanda, kumene miyendo ya munthu wamkulu sulumpha, ndipo sungamudzutse chifukwa choti iwe ukufuna kuchimbudzi. Ndiye madzi ndinakana, tiyi ndinakananso, n'kungokhala duu ngati mkwatibwi.

"Mayi, zikuoneka kuti magazi aundana mumtsempha," anatero adokotala, atamva kuti alamu anga ankausisita mwendowo. "Asakusisiteninso. Magazi oundanawo akasuntha n'kukafika kumapapo, munthu amatha kufa."

Ndinachita mantha kwambiri. Ndinaganiza za ana anga, ndinakumbukiranso manja a alamu anga akukanya mwendo uja ndi mtima wonse.

Ananditumiza ku Lilongwe kukaunika, ndipo makina anatsimikiza zomwezo. Anandigoneka m'chipatala. M'mawa ndi madzulo anamwino ankandibaya jakisoni pamimba, n'kufunsa ngati pachifuwa pakupweteka kapena ngati ndikubanika. Tsiku lililonse yankho linali ayi, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Sabata isanathe mwendo unayamba kuphwa. Ndinatuluka ndi mapiritsi oletsa magazi kuundana, omwe ndinamwa kwa miyezi ingapo, ndikupita kukaonedwa nthawi ndi nthawi.

Lero ndili bwino, ndimaima m'shopu tsiku lonse ndipo nsapato ija ikulowa. Anzanga oyenda maulendo ataliatali, mwendo umodzi ukatupa n'kumatentha, musathowe, musasisite, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Muli m'ndegemo, imwani madzi ndipo muzidzuka kuwongola miyendo.

Chaka chino ndinapitanso, ndipo anandipatsanso mpando wa kuwindo, pambali pa bambo ena achikulire. Ndinalimba mtima, n'kuwagwira paphewa.

"Pepani bambo, ndidutseko."

Anaimirira osadandaula n'komwe, ine n'kudutsa.