Chotupa cha Pamimba pa Achemwali

Achemwali anga ndi telala, ndipo mumsewu mwathu monse palibe amene amasoka kolala yogona bwino ngati iwo. Amagwirira ntchito m'kachipinda kamodzi: makina, tebulo lodulirapo nsalu, ndi mpando wogwedera umene makasitomala akale amaudziwa kakhalidwe kake. Chuma chawo chonse ndi maso. N'chifukwa chake ndikamafotokoza nkhaniyi mtima umandipsabe.

Anawapeza ndi matenda a shuga ali ndi zaka 27, mtundu uja wofuna jakisoni wa insulini tsiku lililonse. Maphunziro onse amene analandira tsiku limenelo anali a chiimire, pakhonde la chipatala. Munthu wa yunifomu analoza kumanzere kwa mchombo wawo n'kunena kuti, "Muzibaya apa, m'mawa ndi madzulo." Kenako anaitana wotsatira.

Achemwali ndi munthu womvera mpaka kunyansa. Ukawauza kuti msoko udutse apa, umadutsa pomwepo. Choncho anabaya pamalo amodzimodziwo zaka khumi ndi zitatu. Panatuluka chotupa cholimba ngati dzira lophika, ndipo iwo anachikonda, poti singano ikalowa pamenepo sinkapweteka.

Koma shuga sankatsika. Mwezi uliwonse ankabwerako kuchipatala atawalalatira. "Mayi, mukumadya mobisa inu. Mukufuna kufa?" Ankangowaonjezera mankhwala, osawauzako n'komwe kuti akweze bulauzi. Ifenso kunyumba tinalowa gulu lomwelo. Ine ndemwe, mng'ono wawo, ndinkasecha m'chikwama mwawo ngati wapolisi, ndipo tsiku lina nditapezamo nthochi imodzi ndinaiponya pawindo makasitomala akuona. Achemwali anangopitiriza kupalasa makina.

Kenako maso anayamba kuchita nkhungu. Ulusi unkaphonya bowo la singano kasanu, kakhumi. Ankanamizira magetsi kuti ndi ofooka, tinagula babu lina, koma ayi ndithu.

Chaka chatha chipatala chinayambitsa maphunziro a odwala obaya insulini, masiku asanu, anthu asanu ndi atatu pagulu. Achemwali anakanitsitsa. "Ndisiye mayunifomu a ana a sukulu kuti ndikamve zoti ndine wakuba? Zimenezo ndinaziloweza kale." Ndinachita kuwakoka, ndipo ndinakhala kumbuyo kwa chipindacho kuti asathawe.

Tsiku loyamba anaphunzira kuyeza chakudya, kudziwa kuti magawo awiri a buledi amafuna mankhwala ochuluka bwanji, ndi zoyenera kuchita thupi likayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Tsiku lachiwiri namwino wophunzitsayo, mayi wofatsa wa magalasi, anati aliyense amuonetse pamene amabaya. Atafika pa achemwali anakanikiza chotupa chija ndi zala ziwiri.

"Mayi, apa mwabayapo nthawi yaitali bwanji?"

"Chiyambire."

"Palibe amene anakuonanipo?"

"Palibe anafunsapo."

Namwino anafotokoza kuti mankhwala akalowa m'chotupa chotero sayenda bwino m'thupi. Malo obaya amafunika kusinthasintha: mbali ino ya mimba, mbali inayo, pantchafu. Anawachepetseratu mlingo nthawi yomweyo, poti pamalo atsopano mankhwalawo agwira mwamphamvu. Basitu. Nkhani yonseyo sinathe mphindi zitatu.

Ine ndinatuluka panja. Zaka khumi ndi zitatu! Anthu ophunzira onse aja a kuchipatala, ndi zolembera zawo m'matumba, nthawi yokalipira munthu anali nayo, koma yomugwira pamimba analibe. Ndinkafuna kumenya wina mbama, koma nditawerenga oyenera kumenyedwa ndinapeza kuti inenso ndili pamzere womwewo.

Pasanathe milungu iwiri, manambala a pa kachipangizo koyezera shuga anatsika, chakudya chili chomwecho cha masiku onse. Achemwali anandiikira kachipangizoko kumaso. "Iwe, taona. Wakuba wako uja ndi ameneyu." Sanaseke, ndipo ine ndinasowa poyang'ana.

A maphunzirowo anawatumizanso kwa dokotala wa maso. Iye anati diso lakumanja lingapulumuke ngati shuga apitiriza kukhala bwino, koma lakumanzere ndiye madzi anatayika kale, saoleka. Panjira pobwerera ndinkatukwana ndekha, iwo akungoyenda atandigwira mkono.

Lachisanu lapitali kunabwera mtsikana ndi nsalu ya diresi laukwati, lofuna timikanda mazanamazana pachifuwa. Ntchito yotere kale achemwali ankaigwira uku akucheza. Anaisisita nsaluyo, anaiyandikiza kumaso, anatembenukira nayo kuwindo, anatsinzina diso limodzi. Kenako anaipinda bwinobwino n'kuibwezera m'pepala mwake.

"Mwana wanga, woloka msewu upite kwa telala wa chitseko chobiriwira uyo. Ndinamuphunzitsa ndine, sakuonongera ayi."

Mtsikanayo atapita, achemwali anaika manja pamakina. Kenako anandiuza kuti ndiwapatsire mathalauza ofuna kupinda m'miyendo.